Mpando Wakumbuyo wa Galimoto ya Gelson

Gelson ankadzitcha makaniko, koma ntchito yake inali yomata matayala a njinga za kabaza pa malire a Milange. Kuseri kwa nyumba yake kunali chigoba cha galimoto yakale chimene Mpwitikizi wina anachisiya pothawa, ndipo nkhuku zinkaikiramo mazira. Anzake amene anabwerera nawo limodzi kuchokera kumakampu a othawa nkhondo ku Malawi anali atagula malole. Akamuimbira hutala podutsa, iye ankamva ngati amulavulira.

Nsanje itamukwana, anapalasa njinga mpaka ku Mongue kwa a Jordão, sing'anga wokhwimitsa anthu.

"Muli ndi chiyani kwanu?" anafunsa a Jordão.

"Chigoba cha galimoto, mkazi, ndi mwana mmodzi, Belinha."

"Chigobacho chakwana. Kachikonzeni chifanane ndi galimoto za mafumu a ku Ulaya. Nyanga iyi mukaisokerere mumpando wakumbuyo, muzikanyamula akwati."

"Nanga chizimba chake?"

A Jordão anaseka osatsegula pakamwa. "Galimoto imamwa, bambo. Mkwatibwi aliyense wokhala pampandopo, mwana wake woyamba ndi wanga. Inu simudzagwira mpeni. Inu n'kumangoyendetsa basi."

Gelson anaganiza pang'ono, pang'ono zedi. Si ana a eni ake? Anavomera.

Luso anali nalo munthuyu, tisamunamizire. Anatalikitsa mphuno ya galimotoyo, kutsogolo anaikako zitsulo zonyezimira zoimirira ngati mano, ndipo pamwamba pake anakhazikapo kachidole ka mkazi wamapiko kosula ndi mapoto akale. Anaipaka utoto woyera, mipando anaikuta ndi chikopa chofiira. Inalibe inzake. Ukwati wopanda galimoto ya Gelson anthu ankauyesa chinkhoswe chabe, ndipo ngakhale a ku Muloza ankaoloka malire kudzaipempha. Posakhalitsa anamanga nyumba ya malata ofiira ndi sitolo.

Kenaka maliro a makanda anayamba. Anthu ankati ndi malungo, ena ankati ndi madzi. Gelson ankapita kukapepesa, ali wera, manyazi alibe. Koma akamayenda yekha ankamva khanda likulira kumbuyo, ndipo ankangokweza wailesi.

Belinha atakula, mnyamata wina dzina lake Ednilson anamufunsira.

"Papa, ana a eni mumawanyamula," anatero Belinha akulira. "Ine wanu ndikwere lole ya chimanga?"

"Ukadzangoponda m'galimotomo, sindine bambo ako!"

Mkazi wake, Angélica, anayesa kuti ndi umbombo chabe, poti chinsinsicho sankachidziwa. Tsiku la ukwati Gelson anakhoma galaja, makiyi m'thumba, n'kutsogola kutchalitchi mtima uli m'malo. Anaiwala kuti mkwatibwi amanyamuka pomaliza, kuchokera m'manja mwa amayi ake. Angélica anaswa loko ndi nkhwangwa. Makiyi a chiyani? Anyamata a kabaza anaikankha galimotoyo msewu wonse akuimba, azimayi nthungululu zili pakamwa.

Gelson ali pakhomo la tchalitchi anaona mphuno yonyezimira ikukhota pakona. Pampando wakumbuyo panali Belinha, akumwetulira, akumubayibitsa.

M'mawa mwake anathamangira ku Mongue, n'kugwada m'fumbi.

"Tengani nyumba, tengani sitolo! Uyu ndi mwana wanga!"

"Enawo anali ana a mitengo?" anayankha a Jordão. "Nyanga sidziwa chibale, bambo."

Chaka chisanathe Belinha anachira mwana wamwamuna. Khandalo silinalire, ndipo mayi wake anatsatira tsiku lomwelo. Pamaliro Gelson anaulula zonse akukuwa, ndipo Angélica sanamuyang'anenso kumaso.

Lero mukadutsa pa Milange mudzaiona galimotoyo ili pamiyala, dzimbiri lili psuu, nkhuku zitabwereramo. Pambali pake pamaima munthu wa nsanza atagwira chitseko chakumbuyo ndi manja awiri. Mtsikana aliyense akadutsa amamukuwira kuti, "Usakwere, Belinha! Usakwere!"

Dyera ndi loipa, abale anga. Chuma chimene mwalipira ndi ana a anzanu chimadzatenganso wanu.