Tiyi Wopanda Moto

Mzime ndi mwana womaliza m'nyumba mwawo. Mzime amakonda nthawi ya tiyi.

Bambo ake ndi telala. Amasokera m'chipinda chakumaso. Makina awo amalira tsiku lonse. Dzuwa likapendeka, makina amaima. Ababa amabwera patebulo. Mzime amakhala pambali pawo. Onse amamwa tiyi.

Tsiku lina makina anali zii. Ababa anali atapita kwa dokotala wa mano. Anabwerako atawazula dzino. Tsaya lawo linali lotupa.

"Lero musamwe chotentha," anatero Amayi. "Adokotala aletsa."

Ababa anayang'ana ketulo. Anausa moyo.

"Ndiye lero patebulo sindibwera," anatero Ababa. "Fungo lokhalo lingandizunze."

Ababa anakagona kuchipinda. Amayi anapita kumsika. Mzime anamva chisoni. Iye sankafuna kumwa tiyi popanda Ababa.

Mzime saloledwa kugwira ketulo. Ndi wamng'ono. Koma nzeru zokha ali nazo!

"Adokotala aletsa chotentha," anaganiza Mzime. "Chozizira sanaletse."

Anatenga botolo loyera. Anathiramo madzi akumwa ozizira. Anathiramo masamba a tiyi. Kenako anadikira.

Madzi anali mbee.

Mzime anakhutchumula botolo. Masamba anavina. Madzi anali mbee.

Anawonjezera masamba. Anawonjezeranso. Madzi anali mbeebe!

Achimwene ake analowa kukhitchini.

"Iwe, ukutani?" anafunsa Achimwene. "Ukusambitsa masamba?"

"Ndikuphika tiyi wa Ababa," anayankha Mzime.

"Tiyi wopanda moto?" Achimwene anaseka. "Wangowononga masamba iwe. Uona Amayi akabwera."

Mzime anachita mantha. Anatseka botolo. Analibisa m'firiji, kuseri kwa kabichi. Kenako anakhala phee pakhonde. Tsiku limenelo Mzime sanavute aliyense. Anali mwana wabwino mpaka kudabwitsa.

Dzuwa linapendeka. Amayi anali atabwerako. Anawiritsa madzi m'ketulo. Anathira masamba m'tiipoti. Anathiramo madzi owira. Anavundikira. Posakhalitsa tiyi anafiira. Fungo linadzaza nyumba yonse.

Mzime anayang'ana mpando wa Ababa. Panalibe munthu.

Amayi anatsegula firiji. Ankafuna mkaka. Anasuntha kabichi.

"Nanga ichi?" anafunsa Amayi.

Mzime anatong'ola maso. Madzi sanalinso mbee. Anali psuu!

"Ndine, Amayi," anatero Mzime chapansipansi. "Ndimafuna tiyi wa Ababa. Pepani."

Amayi ananunkhiza. Anatenga sefa. Anasefera pang'ono m'kapu. Analawa.

"Iwe mwana," anatero Amayi, "uyu ndi tiyi!"

"Zoona?" anafunsa Mzime.

"Zoona. Madzi otentha amafulumira. Madzi ozizira amachedwa. Amangofuna kuwadikira."

Amayi analawanso. Anakwinya nkhope.

"Koma masamba wachulutsa, mwanangu. Awa akanakwanira msewu wonse uno."

Achimwene anakanda m'mutu.

"Inetu ndimadziwa," anatero Achimwene.

"Bodza!" anatero Mzime.

Amayi anaseka. Anathirako madzi ena m'kapumo. Mzime anathira shuga. Anatakasa. Shuga anakana kusungunuka. Anatakasanso. Anatakasa mpaka dzanja linatopa. Kenako shuga anagonja.

Mzime anaika kapu pamalo pa Ababa. Anathamangira kuchipinda. Anagogoda pang'onopang'ono.

"Ababa, bwerani. Tiyi wanu wakonzeka."

"Adokotala aletsa, mwanangu."

"Aletsa wotentha. Uyu ndi wozizira."

Mzime anadikira pakhomo. Kenako chitseko chinatseguka.

Ababa anabwera patebulo. Anakhala pampando wawo. Anakhudza kapu ndi chala. Sinkatentha. Anamwa pang'ono, mbali yosapweteka. Anatsinzina. Anamwanso.

"Waphika ndani?" anafunsa Ababa.

"Ine!" anatero Mzime. "Ndekha. Popanda moto."

Ababa anayamba kuseka. Tsaya linawapweteka. Analigwira ndi dzanja, koma kuseka osasiya.

Mzime anakokera mpando wake pafupi. Mtima wake unadzaza chimwemwe. Amayi anamwa wotentha. Achimwene anamwa wotentha. Ababa anamaliza kapu yawo yonse.

"Watsalako?" anafunsa Ababa.

"Botolo lonse!" anayankha Mzime.

"Ndiye pano sindichokapo," anatero Ababa. "Bweretsa kapu yako, mwanangu. Timwe tonse."