Mlowam'malo wa Nasibeko

Nthawi ikangokwana folo koloko madzulo, Mlowam'malo ankatsegula maso yekha, n'kuchoka pakona pomwe ankamwera magetsi, n'kukakhala patebulo kudikira kuti Mwaiwawo aweruke kusukulu. Anali makina, koma mlendo sakanadziwa. Anali ndi nkhope ya Nasibeko, mayi wa mtsikanayo, mawu ake, ngakhalenso kachipsera ka pachibwano. Khungu lake linkafunda ngati la munthu, ndipo pachifuwa pankagunda kanthu kofanizira mtima.

Chinali chaka cha 2068, ndipo ku Balaka nyumba zambiri zinali ndi makina oterewa. Ntchito yawo inali kukhala kholo pa nkhani za sukulu: kuona makope, kufunsa mwana zimene waphunzira, kupita kumisonkhano, ngakhale kukapepesa kwa aphunzitsi mwana akapalamula. Makolo ankawayamikira, ndipo n'zomveka. Ndani amakonda kukhala pabenchi maola atatu kumvera za denga la chimbudzi cha sukulu?

Nasibeko ankagwira ntchito pasiteshoni, kuyang'anira sitima zoyenda zokha za ku Nacala. Tsiku limene anagula makinawo, katswiri wowachuna anamufunsa kuti, “Nanga aphunzitsi akamufunsa ngati ndi makina, aziti chiyani?”

“Aziti ndi ineyo,” anayankha Nasibeko. “Sindifuna anthu azindinena kuti mwana ndinamutaya.”

Katswiriyo anatsekera lamulolo mkati, pamene ngakhale mwiniwake sangalisinthe.

Panatha zaka zitatu. Mwaiwawo, amene kale ankakhala nambala 41 m'kalasi, anafika pa nambala sikisi, ndipo tsopano anali mu Sitandade 8. Kholo lina likanangovina, koma Nasibeko mtima sunamukhale pansi. Ankaona kuti akangolowa m'nyumba, awiriwo ankadula nkhani. Anzake kuntchito anamutsina khutu kuti makinawa amalembera ana ntchito, ena n'kumati amatumiza zinsinsi za m'nyumba kufakitale. Nasibeko anafufuza makope onse mobisa. Zolemba zinali za mwana wake, zopindika ngati kale, ndipo m'malo momasuka anangoti makinawo ndi ochenjera kuposa momwe ankaganizira.

Lamlungu lina masana, mwana atapita kukwaya, anamupanikiza Mlowam'malo.

“Mumakambirana chiyani ine kulibe?”

“Za sukulu,” anatero makinawo ndi mawu a Nasibeko yemweyo.

“Za sukulu zimene zimatha ine ndikangolowa?”

“Zina anandipempha kuti ndisanene. Lamulo loteteza ana limandiletsa kuulula, pokhapokha moyo wake uli pachiswe.”

“Mwanayo ndinabereka ndine.”

“Ndikudziwa. Mutamufunsa nokha, mwina akhoza kukuuzani.”

Nasibeko sanamufunse mwanayo. Kukayikira n'kosavuta kusiyana ndi kufunsa mwana wako funso limene yankho lake ukuliopa.

Kusukulu nakonso kunalibe wokhulupirira mnzake. Panamveka mphekesera zoti makina ena akumanong'oneza ana mayankho kudzera m'tizida tobisa m'makutu. Motero mphunzitsi wamkulu, a Likagwa, analemba kalata: pa tsiku lotsekera teremu yachiwiri pabwere makolo enieni okha, ndipo Mlowam'malo aliyense wolowa pachipata adzatumizidwa kwa akatswiri kuti akamufufute zonse za m'mutu.

“Ndipita ndine,” anatero Nasibeko.

“Chaka chatha munateronso,” anayankha Mwaiwawo osadzutsa mutu.

“Ulendo uno ndibwera.”

“Chabwino, amayi.”

Chinali chabwino chongofuna kuti nkhani ithe.

Lachisanu lotsekeralo, sitima ina inaima yokha pa siteshoni ya Nkaya, ndipo Nasibeko anaitanidwa m'mamawa. Anauza mwana wake kuti atsogole, amupeza konko. Anamasuka cha m'ma teni koloko, n'kuthamanga wapansi thukuta lili kamukamu. Atafika pachipata, mlonda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Mayi, inu mwalowa kale. Ndakulembani ndekha.”

Nasibeko anamvetsa pomwepo. Mwana sanamukhulupirire, anatenga makina. Zinamuwawa kwambiri, koma anasandutsa ululuwo kukhala mkwiyo, ndipo anakalipa mpaka mlondayo anamutengera ku ofesi.

Posakhalitsa anthu awiri a nkhope imodzi anaima pamaso pa a Likagwa. Bamboyu anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso, koma palibe chinasintha.

“Ndani mwa inu ali makina?”

“Ine ndine mayi a Mwaiwawo,” anatero Mlowam'malo modekha, monga anamulamulira.

“Akunama uyu,” anatero Nasibeko. “Ndinamugula ndine.”

“Chida chathu chounikira makina chinatha ntchito,” anatero a Likagwa, “chifukwa opanga makinawa amachizemba chaka ndi chaka. Njira yachidule n'kubaya chala, tione magazi. Koma teremu yatha tinabaya bambo wina weniweni, nkhani yake inafika kukhoti, ndiye anatiletsa. Ine ndili ndi njira yanga. Kholo lenileni limamudziwa mwana wake.”

Anatembenukira kwa Nasibeko. “Phunziro limene amaliopa ndi liti?”

“Masamu,” anayankha mosachedwa.

A Likagwa anayang'ana papepala. “Masamu ndiye watsogola kalasi yonse.”

Ankawaopadi, koma pamenepo anali mu Sitandade 5.

“Nanga inu?”

“Amaopa kuwerenga mokweza,” anatero Mlowam'malo. “Aphunzitsi ake akudziwa. Akaima kutsogolo mawu amamuthawa. Timayeserera tsiku lililonse, iye ataima pakhomo, ine nditakhala kutali.”

“Amakhala ndi ndani padesiki?”

Nasibeko anatchula dzina la mwana amene anasamukira ku Liwonde zaka ziwiri zapitazo. Mlowam'malo anatchula dzina lolondola. A Likagwa anafunsanso za sekondale imene mtsikanayo akuilakalaka, za mphunzitsi wake wa sayansi, za tsiku loyamba mayeso. Nasibeko anakhoza limodzi lokha, nalonso mongoponya.

“Kwa ine zaoneka,” anatero a Likagwa, “koma amalize ndi mwana. Muitaneni.”

Mwaiwawo analowa, yunifomu yake yositidwa bwino. Atangowaona awiriwo anaima chilili. Maso ake anapita kwa Nasibeko poyamba, pa nsapato zafumbi ndi thukuta la pamphumi. Anamudziwa. Pa zimenezo Nasibeko sanakayike ngakhale pang'ono.

“Mwana wanga, usaope,” anatero a Likagwa. “Mayi ako ndi ati? Winayo tikamufufuta basi.”

Mtsikanayo anayenda pang'onopang'ono n'kukagwira dzanja la Mlowam'malo.

“Awa.”

Mwana amene Nasibeko anamunyamula kumsana mpaka kuchipatala cha Balaka atadwala chikuku wamukana pamaso pa anthu. Dzanja la mayiyo linapita m'chiuno, pomwe panali phini womangira chitenje. Palibe khoti limene lingaletse munthu kudzibaya yekha. Dontho limodzi la magazi, nkhani yonse ikanathera pomwepo.

Anamasula phiniyo. Mwaiwawo anamuona, ndipo misozi imene ankaigwira inatsika.

“Mayeso atsala masabata asanu ndi limodzi,” anatero mwanayo motsitsa mawu, akuyang'ana pansi ngati akulankhula ndi simenti. “Ndikaima kutsogolo, ndimakumbukira zimene amandiuza. Akawafufuta, ndiyambira pati?”

A Likagwa anaganiza kuti mwanayo akumvera chisoni makina amene waima yekhayo. Nasibeko yekha ndiye anamva zimene zinkanenedwa. Mwana sanasokonezeke. Anawerengetsera kuti mayi wobereka palibe angamufufute, ndipo anasankha kupulumutsa amene angatayike. Makina amene Nasibeko anawakayikira miyezi yonseyi sanabe kanthu. Anangotola zimene iye ankasiya patebulo m'mawa uliwonse.

“Mwagwira chiyani m'manjamo?” anafunsa a Likagwa.

“Palibe,” anatero Nasibeko, n'kufumbata phiniyo.

“Ndikufunsaninso komaliza. Ndinu makina?”

Anayang'ana mwana wake, kenako nkhope yake yomwe itaima pambali pa mwanayo.

“Eya. Ndine Mlowam'malo.”

A Likagwa anapumira m'mwamba, okondwa kuti njira yawo yagwira ntchito. “Mwaonatu. Kholo limadziwika. Popeza awa tawagwirira pachipata asanalowe pabwalo, sitiwafufuta. Abwerere kunyumba akamwe magetsi awo. Mayi, tiyeni, mayina ayamba kuitanidwa.”

Mlonda anamuperekeza mpaka kunja n'kutseka chipata. Nasibeko sanapite. Anaima kuseri kwa mpanda padzuwa, pamodzi ndi amayi ogulitsa mandasi, mpaka chimkuzamawu chinatchula dzina la Mwaiwawo pa nambala folo. Anafuna kululutira, koma mlonda anali pafupi, ndipo anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Pa zaka zitatu zonsezo, ichi chinali chinthu choyamba chimene anachitira maphunziro a mwana wake ndi mtima wake wonse, ndipo kuti achichite anayenera kukana kuti ndi mayi.