Mabatire Awiri a Sukulu Yathu

Pa Liwaladzi, nyumba ya a Yoramu ndi mayi Lois inkadziwika ndi zinthu ziwiri: pemphero la m'mawa ndi mawailesi akufa. Anthu ankabweretsa mawailesiwo kwa mwana wawo Chiukepo, ndipo ambiri ankabwerera kwawo akuimba. Mnyamatayu akamayenda mumsewu wa M5, maso ankakhala m'mwamba, kulondola mawaya a magetsi mpaka kumene akuthera. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi, kukaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku yunivesite.

A Yoramu anali msodzi wochokera kumpoto. Anaphunzitsa mwana wawo mfundo yawoyawo yomangira ukonde, yopinda kawiri, yosamasuka. Posowa tepi, Chiukepo ankamanga mawaya ndi ulusi wa ukonde, ndi mfundo yomweyo.

Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino. A Lenard, mphunzitsi wa sayansi, ankamukhulupirira kwambiri moti anamusungitsa kiyi wa kachipinda ka mabatire a sola. Mabatire awiriwo ndiwo ankayatsa kompyuta yokhayo ya pasukulupo, imene ana onse ankatumizira mafomu a ku yunivesite. Anamuuza kuti asachedwe kubwera ndi mapepala ake, pakuti tsiku lotsekera silidikira munthu.

Sabata yomweyo kunafika Grey, wogulitsa nyali za asodzi ku Ngala.

"Bwana injiniya," anatero akumuyang'ana kumapazi, "ndiye ku tauniko mukafika ndi mapatapata amenewa? Akakufunsanitu kuti usipa mwausiya pati."

Grey anamuuza kuti eni mabwato akufuna mabatire amphamvu oyatsira nyali. Anali nawo ena akufa, ofanana mtundu ndi a pasukulu. Kungosintha basi, ndani angadziwe? Dzuwa likamawala kompyuta iziyakabe.

Chiukepo anakana kawiri. Kachitatu anayang'ana mapazi ake, nadziona akulowa pachipata cha yunivesite ngati munthu pakati pa anthu. Loweruka masana, pasukulu pali zii, anachotsa mabatire abwino, naika akufa, namanga mawaya mwaudongo monga mwa masiku onse.

Ndi ndalama zimene Grey anamupatsa, anagula nsapato, jekete ndi chikwama cholowera ku koleji. Koma tsopano ankachita manyazi kuonana ndi a Lenard. M'malo mopita kusukulu ankakwera minibasi ya ku Ngala, komwe Grey ankamugulira mowa n'kumamutchula injiniya pamaso pa anthu. Dzinalo linkamukomera kuposa mowawo.

Mayi Lois anafunsa komwe nsapato zachokera. Iye anati ndi maganyu.

"Mwana wanga, nsapato sizilemba fomu," anatero mayi ake. "Bwanji sukupitanso kwa aphunzitsi ako? Wawalakwira chiyani?"

A Yoramu sanakweze mutu pa ukonde umene ankasoka. Anangoti munthu akayamba kuzungulira njira yomwe ankaikonda, ndiye kuti wakwirirapo kanthu.

Chiukepo ankangoti mawa, mawa, mpaka tsiku lomaliza linakwana. Mvula inali itagwa masiku atatu osalekeza, dzuwa osaoneka. Anavala nsapato zake, napita. Patsogolo pake panali Asiyatu, mtsikana amene bambo ake anali atangovomera dzulo lake kuti akaphunzire unamwino. A Lenard anayatsa kompyuta. Asiyatu atangolemba dzina lake, inathima. Anayatsanso, inathimanso.

Mphunzitsiyo anati n'zosatheka, mabatirewo ndi atsopano. Anapempha kiyi, natsegula kachipinda. Anakhala nthawi yaitali ataweramira mawaya. Kenako anaitana mwapansipansi.

"Chiukepo, tabwera. Mfundo iyi ndi ya kunyumba kwa a Yoramu. Ndikunama?"

Chiukepo anangoyang'ana nsapato zake.

Onse atatu anayesa kuthamangira ku Dwangwa, kuli makompyuta olipira, koma madzi anali atasefukira pamsewu ndipo minibasi zonse zinaima. Anakhala pamenepo atatu, akuyang'ana madzi, mpaka nthawi yotsekera inadutsa. Asiyatu sanatukwane. Anangofunsa kuti, "Nanga ine ndinakulakwira chiyani?"

Grey anakana zoti amamudziwa Chiukepo. A Yoramu anagulitsa ukonde wawo kuti sukulu ipeze mabatire ena, ndipo nkhani sinapite kupolisi. Chiukepo anagwada pamaso pa ana onse a sukulu, naulula. Koma kulapa kwake sikunatsegule fomu. Bambo a Asiyatu anati mwayi anapereka kamodzi, ndipo isanathe miyezi inayi mtsikanayo anakwatiwa.

Lero Chiukepo amapalasa bwato la eni, akudikira chaka china. Mwina adzapita. Akamayenda mumsewu amayang'anabe mawaya aja, koma akafika pafupi ndi nyumba imene Asiyatu anakwatiwako, maso amagwa pansi.

Ine ndili ndi ana aang'ono, ndipo nkhaniyi imandiopsa chifukwa Chiukepo sanali mwana woipa. Ana inu, musabe, ngakhale mtima ukulakalaka chinthu chabwino. Chimene mwaba lero chingakhale chomwe mudzachifune mawa, ndipo mdima umene mwadzetsa sudzagwera inu nokha.