Mayi Amene Anatuma Tsekwe

"Kodi mbalamezi zimadziwa kuti munthu wasiya matenda kunyumba?"

Alfonsi anafunsa monong'ona, ali m'madzi olekeza m'mawondo, mfuti ya gogodera ataisanjika pa bango. Anali yekha. Mlamu wake Paison, mwini mfutiyo, anali atanyamuka kale dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, ati m'mimba mukupota. M'mimba mwa Paison munkadziwa nthawi yake. Munkapota pokhapokha pakamveka zoyenda usiku m'njira ya kufamu.

Inali nthawi ya chitaganya, anyamata ambiri a ku Chiparamba ali ku Halale ndi kumigodi. Mzungu wa fodya amene anakumbitsa damulo nayenso anali atapita, fodya atamukana, n'kusiya nyumba, zigafa ndi madzi. M'nyumbamo munalowa akadzidzi. Padamupo panadzaza abakha ndi atsekwe.

Chimene chinamuimika Alfonsi m'madzi ozizira a mwezi wa Juni chinali mkazi wake Elesi. Chibadwire mwana wawo woyamba, Elesi sanadzuke pamphasa. Phala ankabweza, nkhuku ankabweza. Mkaka unayamba kuuma, ndipo kulira kwa khandalo kunali kutachepa ngati kwa kamwana ka mphaka. Chinthu chokha chimene wodwalayo anatchula thupi likutentha chinali msuzi wa tsekwe. Dzana lake Alfonsi anabwera naye tsekwe. AMagalita, amayi ake aang'ono a Elesi amene anamulera, anamuphika monga aphikira nkhuku, ndipo nyumba yonse inanunkha matope ndi nsomba yowola. Elesi anangonunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Koma kutacha anatchulanso tsekwe yemweyo. Onga wa Paison unali utatsala wothira kamodzi kokha.

Abakha aang'ono oimba mluzu anabwera dzuwa likulowa, ambirimbiri, n'kutera pafupi moti akanatha kuwagenda ndi mwala. Anawaleka. Atsekwe anabwera mochedwa monga achitira akuluakulu pamsonkhano, mwezi utatuluka kale. Alfonsi anasankha wamkulu, wachifuwa choyera, nadikira kuti atembenuke.

Phuu!

Utsi unamutseka m'maso, damu lonse linauluka. Utsiwo utapita, pamadzi panatsala chinthu chimodzi chakuda chikuzungulira pang'onopang'ono. Anachivuula, namanga miyendo ndi luzi, nachikoleka paphewa. Tsekweyo anali wolemera ngati mwana wa mbuzi, khosi lake likulendewera kumsana, tizidutswa ta misomali timene anathira mumfuti titamulowa pansi pa phiko. Apo m'pamene Alfonsi anayang'ana kumwamba n'kuona kuti wachedwa kwambiri.

Njira yobwerera kumudzi inali imodzi, ndipo inkadutsa pakhomo pa nyumba ya mzungu ija. Masana inali nyumba chabe yopanda magalasi. Usiku mazenera ake ankayang'ana munthu. Chitseko cha kukhitchini chinkatseguka n'kutsekeka chokha, ngakhale kunalibe mphepo yoti n'kugwedeza tsamba. Fungo la mandimu linkachokera kuseri, kumene mitengo inkaberekabe popanda wothyola. Alfonsi anayamba Tikuoneni Maria, koma anapezeka kuti akubwereza mawu oyamba okhaokha.

Anadutsa nyumba. Anadutsa zigafa. Njira inalowa m'tsekera wamtali woposa munthu.

Kutsogolo kunali kubwera munthu.

Anali mayi, atafunda nsalu kumutu, akuyenda pakati penipeni pa njira. Analibe mtolo, analibe muuni. Alfonsi anaima. Mayiyo nayenso anaima. Kenaka anapatuka, nalowa m'udzu, natembenuka kumupatsa msana, nagwada.

Mtima wa Alfonsi unabwerera m'malo mwake, mpaka anafuna kuseka. Amenewa anali apongozi! Iye anali Mngoni wa ku Mtenguleni wokhala chikamwini pakati pa Achewa, ndipo m'mudzi wa mkazi wake amayi oti Elesi n'kuwatcha amayi anali osawerengeka. Onsewo ankamuthawa m'njira monga mwa mwambo. Chikwatirire, ambiri a iwo ankawadziwa misana ndi zidendene basi. Anavula chipewa, napatukira mbali ina ya njira, nanjuta, naomba m'manja pang'onopang'ono kuti adutse.

Mayiyo sanadutse.

"Iwe tsekwe," anatero.

Mawu ake anali otsika, osathamanga, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osayankhula. Alfonsi anamvetsa. Mpongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso, amatuma mwana. Pamene palibe mwana, amatuma chimene chilipo.

"Iwe tsekwe, uwauze akunyamulawo kuti akakakusosola nthenga ngati nkhuku, mwana wanga sakakudya."

Paphewa pa Alfonsi panagwedezeka kanthu.

Khosi lija... khosi limene linkalendewera kumsana kuchokera kudamu... linayamba kudzuka. Linakwera pang'onopang'ono. Nthenga zozizira zinamukhudza khutu. Mutu wa tsekwe unaima pambali pa tsaya lake, n'kutembenukira kumene kunali mayiyo, monga achitira mwana akaitanidwa.

Alfonsi sanathe kukuwa. Sanathe kuthawa. Magazi a mbalameyo anali ataumira kale pamalaya ake!

"Akakusende chikopa chonse pamodzi ndi mafuta ake," anapitiriza mayiyo. "Matope ako umawasunga m'menemo. Pamwamba pa mchira uli ndi kathumba ka mafuta kamene umadzola posamba. Akakadule n'kukataya kutali, mpeni akautsuke. Akakupake mandimu, akakuwambe pang'ono pa makala. Madzi oyamba akangowira, akataye kuseri kwa nkhokwe. Achiwiriwo ndiwo msuzi. Moto ukhale waulesi mpaka nyama ileke fupa yokha. Nsinjiro pang'ono, za kunsonga kwa chipande. Wamva?"

Tsekwe analira. Kamodzi, motsitsa, m'khutu mwenimweni mwa Alfonsi.

Alfonsi anazindikira kuti mayiyo akudikira yankho lake. Anakumbukira khanda lija, kukamwa kwake kukufunafuna bere louma.

"Tsekwe," anatero, "uwauze kuti ndamva. Koma mandimu kumudzi kulibe."

"Uwauze kuti awadutsa."

Anabwerera. Analunjika kunyumba ya mzungu ija. Zigafa. Bwalo lomera udzu. Chitseko chija chinatseguka pamene ankadutsa, n'kukhala chotsegula. Sanayang'anemo. Kuseri, minga ya mandimu inamung'amba dzanja, ndipo anakondwera nako kuwawako chifukwa kunali kwa dziko lino. China chake choyera chinauluka kuchokera padenga, phaa! Anadzaza chipewa, natuluka chambuyo.

Atafika m'tsekera muja anapeza mayiyo ataimirira, msana uli kwa iye. Anayamba kuyenda. Sankayenda m'njira, ankayenda m'udzu chapambali, patsogolo pang'ono, monga ayenera. Alfonsi ankatsatira maso ali pansi. Koma khutu silidziwa mwambo. Linkamva mapazi ake iye mwini, linkamva mfuti ikugunda m'chiuno. Kumbali kuja silinkamva kanthu. Tsekera wouma wa Juni, amene amalira ngakhale mbewa ikadutsa, anali chete.

Pamenepo mwezi unachita ngati waphimbika. Anakweza maso.

Atsekwe!

Gulu lonse la padamu lija linali pamwamba pawo, m'munsi kwambiri moti ankaona zifuwa zawo zoyera. Sankalira. Mapiko awo ankakwera n'kutsika popanda phokoso, ndipo sankapitirira. Ankayenda liwiro la mayi woyenda pansi, atandandalika mzere kutsata njira, kukhota pamene njira yakhota. Alfonsi anakulira m'madambo. Ankadziwa kuti tsekwe akamva mfuti sabwerera pamalopo mpaka mwezi wina, ndipo satsata munthu wonunkha onga. Mantha aja anamuchoka, m'malo mwake munalowa china chimene analibe nacho dzina. Chinali ngati chija chimamugwira m'tchalitchi belu laling'ono likalira anthu onse n'kuweramitsa mitu. Anayenda pansi pa mapikowo chipewa cha mandimu atachifungata pachifuwa, misozi ikutsika osadziwa chifukwa chake.

Anafika pa ulalo wa mitengo wa pamtsinje. Kutsidya, kudzanja lamanzere, kunali msitu wa manda. Kudzanja lamanja kunkaoneka moto wa kumudzi. Mayiyo anagwadanso m'udzu.

"Iwe tsekwe, mchere akathire Magalita. Kamphuno kake kosankhako akakamange ndi nsalu ngati kakumuvuta."

Kenaka anawonjezera.

"Uwauzenso kuti mayendedwe awo ndawamva. Ndi a munthu."

Khosi la tsekwe linagwa, n'kumenya Alfonsi pamsana ngati chingwe chonyowa. Kumwamba gulu lija linalira lonse nthawi imodzi, n'kukwera, n'kukhotera kudamu. Alfonsi anaomba m'manja nthawi yaitali. Atadzutsa mutu, udzu wa pamene panagwada mayiyo unali chiimire, mame ake osagwa ndi dontho limodzi.

Kumudzi anapeza anthu ali maso. M'nyumba mwake amayi onse aja ankapemphera kolona, mawu akukwera ndi kutsika. Panja, pamoto, panali Paison, m'mimba mutachira.

"Alamu, mwabwera! Ine ndimati ndikutsatireni, koma..."

"Bweretsa mpeni ndi mphika."

"Mphika? Mwayamba liti kuphika, Angoni inu? Kapena kwanu amuna amavala chilundu?"

Alfonsi anasenda tsekweyo chikopa chonse ngati akuvula mwana malaya. Anapeza kathumba kaja pamwamba pa mchira, kachikasu, konunkha damu lonse, nakadula n'kukaponya kutchire. Anatsuka mpeni. Anapaka mandimu, nawamba nyamayo mpaka inachita mawanga. Madzi oyamba atawira ananyamula mphika kupita nawo kuseri kwa nkhokwe.

Kuseri kwa chitseko kunamveka mawu a aMagalita. "Paison, tawafunsa alamu akowo. Msuzi akutayawo, wodwala amwa chiyani?"

"Uwauze adikire," anatero Alfonsi.

Anadikira. Kolona inatha, inayambanso. Paison anagona chokhala. Tambala woyamba atalira, nyama inali italeka mafupa, ndipo fungo limene linkatuluka mumphikamo linadzutsa agalu a mudzi wonse. Alfonsi anagwedeza mlamu wake.

"Uwauze amayi athire mchere. Akuti athire iwowo."

AMagalita anatuluka cham'mbali nkhope atabisa, nathira mchere, natunga msuzi m'kambale, nalowa nawo. Alfonsi anakhala pansi n'kutsamira khoma la nyumba, khutu lili pa dothi. Anamva supuni ikugunda mbale. Anadikira phokoso la kubweza lija limene analizolowera. Silinabwere. Supuni inagundanso. Inagundanso. Kenaka anamva mawu a Elesi, ofooka koma ake enieni.

"Wonjezerani." Patapita kanthawi anafunsa, "Amayi ali kuti?"

"Ndili pompano, mwanawe."

"Ayi. Sindikunena inu."

Chitseko chinatseguka, aMagalita natuluka n'kuima chopatsa Alfonsi msana, mbale ili m'manja.

"Paison, uwafunse. Kaphikidwe aka anawaphunzitsa ndani?"

"Uwauze kuti ndi apongozi ena," anatero Alfonsi. "Ndinakumana nawo m'njira ya kufamu. Nkhope sindinaione, anandipatsa msana."

"Apongozi ake ati? Tonse tili m'nyumba muno chilowerere dzuwa. Palibe anatuluka." Anaika mbale pansi. "Ananenanso chiyani?"

Alfonsi anazengereza, popeza mawuwo sanali oti mkamwini n'kuwatula. Koma anali uthenga, ndipo mwini uthenga sanali woti n'kumubisira mawu.

"Anati mchere athire Magalita. Anati... kamphuno kake kosankhako akamange ndi nsalu."

AMagalita anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire, Alfonsi anaona nkhope ya apongozi akewo, ndipo iwo anamuyang'ana m'maso osaphethira, mwambo ataiwala.

"Munthu mmodzi yekha ndiye ankandinena choncho," anatero, akuyankhula ndi iye mwini. "Bambo athu anali mlenje wa m'madambo. Ine nyama imeneyi ndinkaithawa fungo. Amene ankakhala nawo pamoto ndi mkulu wanga Sesiliya, mayi wake womubala Elesi. Tinamuika chaka chimene asilikali ankabwerera kuchokera ku Burma, mwanayu mano akumkaka asanathe kuguluka. Ali pamsitu paja, kutsidya kwa ulalo."

Paison anachita chizindikiro cha mtanda kawiri. M'nyumbamo khanda linalira, kenaka linaleka mwadzidzidzi, ndipo kunamveka kakumeza kakang'ono, kofulumira.

Alfonsi anakhala pomwepo mpaka kum'mawa kunayamba kufiira. Kenaka anaimirira, nasasa phulusa pa kabudula wake.

"Paison, undibwereke njinga," anatero. "Ndikupita ku Fort Jameson kukagula nsalu ndi bulangeti, mphatso ya mkamwini kwa apongozi ali pamsitu paja."