Yunesi ndi Mawu a ku Mgodi

Yunesi ankakhala ku Mkaika. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti atate ake apume.

Atate anali atangobwera kuchokera ku mgodi. Anabwera atawonda. Anabwera akutsokomola. Kumunda anapeza udzu utapitirira chimanga. Udzu ukapambana, pakhomo pagwa njala.

Atate ankapalira okha. Ankapalira m'mawa. Ankapalira masana. Koma udzu sumvera munthu chisoni.

Akatopa, atate ankaponya khasu pansi. Ankanena mawu achingerezi: "Many hands make light work." Kenako ankalavula.

Yunesi anafunsa tanthauzo lake. Atate anati mawuwo ndi oipa. Mzungu wa ku mgodi ankawanena ali pamthunzi, manja ali m'thumba. Akawanena, anthu ankasenza miyala mpaka dzuwa kulowa.

Yunesi anasunga mawuwo m'mutu. Anapita nawo kwa aphunzitsi Aroni, kusukulu ya mpingo.

"Mwanawe, mawuwa si oipa," anatero aphunzitsi. "Akuti manja ambiri amapeputsa ntchito. Ife timati mutu umodzi susenza denga."

Yunesi anaganiza za dima. Pa dima, anthu ambiri amalima munda wa mnzawo. Yunesi anauza atate za dimalo ndi zomwe aphunzitsi ananena. Atate anapukusa mutu. Anati dima limafuna mowa, ndipo iwo monga a mpingo safulula mowa. Nanga popanda mowa, angabwere ndani?

Yunesi anapempha amayi kuti aphike thobwa. Anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu. Ena anamuseka. Anati dima la thobwa sanalionepo. Yunesi anabwerera miyendo ikuwawa, mtima ukuwawanso.

M'mawa kumunda kunafika anthu awiri. Kenako asanu. Kenako khumi. Oseka aja nawonso anabwera, ati kudzangoona. Aphunzitsi Aroni anabwera ndi khasu lawo.

Udzu unagwa. Unagwa uku, unagwa uko. Thobwa linatha. Dzuwa lisanapendeke, munda wonse unayera.

Atate anakhala pansi. Anayang'ana m'manja mwa aphunzitsi. Munali matuza okhaokha.

"Yunesi, mawu aja ndi abwino," anatero atate. "Bola wowanenayo agwireko khasu."

Kenako atate anagona pamthunzi. Anagona tulo tofa nato, dzuwa likadali m'mwamba. Yunesi anakhala pambali pawo. Ankathamangitsa ntchentche kuti zisawadzutse.