Usiku Umene a Khoi Anayendetsa Bwino Njinga

Dzuwa linali litapendeka pamene a Khoi anaimitsanso njinga yamoto m'mphepete mwa msewu. Aka kanali kachisanu ndi chinayi chichokereni m'tauni ya Dong Van. Mkazi wawo, Thoa, anatsala pampando wakumbuyo atapinda manja.

"Bambo a Ngan, mwaonanso chiyani?" anafunsa, akuwaitana ndi dzina la mwana wawo monga mwa masiku onse.

"Taona mapiri awo, mayi. Ngati makutu a amphaka!"

"Ndi omwe aja munajambula masana. Sanasamuke."

A Khoi anaseka n'kutulutsa foni. Anali atangopuma pa ntchito ya kupositi, komwe anadinda makalata zaka makumi atatu ku Nam Dinh. Atapuma anagula njinga, chisoti chagalasi ndi chijasi chakuda, n'kulengeza kuti akufuna akaone mapiri a kumpoto maso asanayambe kuchita mdima. Thoa anatseka malo ake ogulitsira msuzi wa nkhuku sabata yathunthu. Mapiri analibe nawo ntchito. Anabwera chifukwa mwamuna wake ankamudziwa bwino: sankatha kukana munthu. Dzulo lake lomwelo anangotsika kukafunsa njira, koma anatha maola awiri pakhonde la eni ake akumwa kachasu wa chimanga, Thoa akuwotchedwa ndi dzuwa pamsewu.

Kayendetsedwe kawonso kanali kotopetsa. Ankaponda buleki pamalo owongoka, n'kuthamanga pakona. Ankalozera zinthu ndi dzanja lomwe linafunika kugwira chiwongolero. Chisoti cha Thoa chinali chitagunda cha a Khoi kambirimbiri moti mutu unkalira.

"Mayi Dua anati tifike kusanade," anatero Thoa. Mayi Dua ndiwo anali eni nyumba ya alendo yomwe anakonza kukagonako, kuseri kwa phiri. "Anabwereza kawiri pafoni. Inu munangoti eya, eya."

"Tifika. Ndi pafupi apa."

Sipanali pafupi. Mdima unawapeza ali pamwamba, pomwe msewu umamatirira kuthanthwe ngati lamba. Kudzanja lamanja kunali mwala. Kumanzere kunalibe kanthu, phompho lokhalokha, mtsinje uli pansi penipeni ngati ulusi. Kenako chifunga chinakwera kuchokera m'chigwa n'kumeza zonse. Nyali ya njinga inkangoonetsa zoyera.

Pakona ina a Khoi anaimanso.

"Mukajambula chifungachi ndikusiyani pompano."

"Ayi, ndikataye madzi. Tiyi uja."

Anazimitsa njinga, n'kulowa kuseri kwa miyala ali chivalire chisoti. Thoa anatsika kuti awongole miyendo. Kunkazizira. Madzi ankadontha penapake. Anadikira. Anapukuta magalasi, n'kudikiranso.

"Bambo a Ngan! Kodi mukuthirira munda?"

Zii.

Kutali, chakumunsi kwa phompho, anamva ngati ng'oma. Inalira kawiri n'kusiya. Thoa anatulutsa foni. Netiweki panalibe.

"Ngati ndi masewera, dziwani kuti ndine wamkulu. Ndili ndi chidzukulu."

Apo munthu anatulukira m'chifunga. Chijasi chakuda, chisoti, galasi lotsitsa. Sanayankhule. Anakwera njinga, ndipo inalira nthawi yomweyo, chonsecho tsiku lonse inkafuna kuipempha katatu. Thoa anakwera kumbuyo n'kuyamba.

Anayambira pa tiyi. Anapita pa kachasu wa dzulo. Anakumbutsa za denga la kukhitchini lomwe linkadontha chaka chachitatu, mwamuna ali kalikiliki kupukuta njinga. Ananena za amuna a anzake omwe akapuma pa ntchito amaweta mbalame, kapena kusewera ndi adzukulu, osati kukokera nkhalamba inzawo kumapiri kuti ikafere m'phompho.

Munthuyo anangoyang'ana kutsogolo.

"Mwakwiya? Kwiyani. Mwina tifika msanga."

Ndipo ankapitadi msanga. Patapita nthawi Thoa anazindikira kuti chisoti chake sichinagunde kalikonse chinyamukireni. Njinga inkayenda ngati madzi m'ngalande. Inkapendeka kona isanaoneke. Inkazemba maenje omwe nyali inali isanawaunike. Palibe buleki, palibe kulozera mapiri.

"Ndiye kuti mumatha kuyendetsa? Masiku onsewa mumachitira dala?"

Pakona yakuthwa anagwira m'chiuno kuti asagwe. Manja ake anakumana kutsogolo. Zala zinalukana bwinobwino, malo n'kutsalako.

A Khoi anali ndi mimba. Manja a Thoa anali asanakumanepo pamimba imeneyo kwa zaka makumi awiri.

Anamva kuzizira kwa msanawo kukudutsa chijasi n'kulowa pachifuwa pake. Panalibe fungo la fodya, kapena la mafuta opaka a m'mawondo omwe a Khoi ankanunkha nthawi zonse. Linali fungo la dothi lonyowa, longokumbidwa kumene.

"Bambo a Ngan?" anatero chapansipansi.

Chisoti chinatembenuka pang'ono, ngati munthu wotchera khutu. Kenako chinayang'ananso kutsogolo.

Kudumpha sikukanatheka. Uku mwala, uku phompho. Kusiya kugwira sikukanathekanso. Anayesa kukhala chete, koma bata lake linali loipa kuposa china chilichonse, chifukwa m'batamo anamva kuti amene ankapuma panjingapo anali iye yekha. Ndiye anayambiranso kuyankhula. Anadandaula za chifunga. Anadandaula za mpongozi wake yemwe sathira mchere wokwanira. Anakalipira msewu, anthu a zanyengo, ndi munthu amene anayambitsa zojambula ndi foni. Pakamwa panauma, iye osaleka.

Njinga inapatuka pamsewu waukulu n'kutsika kanjira ka miyala. Inadutsa makola, inakhota pa mpanda wamiyala, n'kuima pakhomo la nyumba yomwe panali nyali. A Khoi anali asanafikepo kumeneko.

Thoa anadzigwetsa pansi n'kuthamangira kuchitseko. Anamenya ndi manja onse awiri. Anatsegula mayi wamfupi wovala mpango wamawangamawanga, tochi ili m'manja.

"Ndinu Mayi Thoa? Tinayamba kuda nkhawa. Nanga bambo ali kuti?"

Thoa analoza kumbuyo osacheuka. Mayi Dua anaunika. Njinga inali itaimikidwa bwinobwino. Chisoti chili pampando. Munthu panalibe. Galu wa pakhomopo anali atalowa pansi pa nkhokwe, akulira ngati kamwana.

Amuna awo a Mayi Dua, a Po, anatuluka akumanga lamba, ndipo Thoa anawafotokozera zonse mwaphuma. Anazungulira njingayo. Anayang'ana poika kiyi. Panalibe kiyi. Anagwira injini ndi chikhatho, n'kukhalitsa atagwira.

"Mwati mwakwera iyi kuchokera pamwamba?"

"Ndinganame chifukwa chiyani? Ndabwera wapansi ngati?"

"Yazizira ngati mwala wa mumtsinje," anatero a Po, akuyang'ana akazi awo osati Thoa. "Bambowo anatsikira pakona iti?"

"Makona ake alipo chikwi! Panali miyala. Pansi pake pamalira ng'oma."

Mayi Dua analowa m'nyumba. Anatuluka ndi mapoto, zivundikiro ndi zipande.

Anthu khumi ndi awiri anakwera phiri usiku umenewo, ena ndi matochi, ena ndi zikwanje. Ankamenya mapoto poopseza mizimu, n'kumaitana dzina la a Khoi. A Po anati woitana akhale munthu amene wosowayo amamuopa, ndiye Thoa anatsogola.

"Khoi! Khoi iwe! Tuluka!"

Chikwatiraneni anali asanawatchulepo dzina chotero pagulu. Anaitana mpaka mawu anasasa. Misozi ikatuluka ankaipukuta mwaukali, n'kunena kuti ndi chifunga. Anafufuza kuseri kwa miyala. Anaunika m'phompho. Malo amodzi anadutsapo katatu. Palibe phazi, palibe chijasi.

Kutayamba kuyera, galu uja anaima pa chitsamba cha nsungwi kumunsi kwa msewu, n'kukana kusuntha. Nsungwizo zinali zothithikana moti nkhuku sikanalowamo. Panalibe yothyoka ngakhale imodzi. Amuna atatu anadula ndi zikwanje mpaka anatsegula mpata.

A Khoi anali m'kati, atakhala chopinda miyendo. Nsapato anali atavula n'kuziika pambali mwaulemu, zitayang'ana kumodzi. Chijasi ndi chisoti analibe. Maso ali gwa. Masaya atatupa. M'kamwa munali modzaza dothi lakuda ndi masamba owola, ndipo ankatafunabe pang'onopang'ono.

Mayi Dua anawathira madzi kumaso. Thoa anagwada, n'kuyamba kukolowola dothilo ndi zala. A Khoi anatsokomola, n'kusanza, n'kumuyang'ana.

"Mayi a Ngan. Wachedwatu. Nyama yatha."

Thoa anakweza dzanja kuti awamenye, koma linakathera pa kolala ya malaya. Anawagwira choncho osawasiya mpaka kumsewu. M'thumba la buluku lawo munali kiyi wa njinga.

Kunyumba anawakhazika pamoto n'kuwapatsa madzi otentha a jinja. Anthu a m'mudzimo anadzaza pakhomo. A Khoi anafotokoza mosangalala, ngati munthu wochokera kocheza.

"Nditangomaliza, panabwera bambo wina waulemu kwambiri. Anati kwawo kuli ukwati, pamunsi pomwepo, ndikangolawako pang'ono. Anandilandira chijasi ndi chisoti pakhomo. Mpunga womata, nyama ya nkhumba, kachasu wabwino zedi."

"Ife timaitana usiku wonse simumamva?" anafunsa Thoa.

"Ndimamva. Unadutsa katatu. Koma munthu ungadzuke bwanji pakati pa chakudya? Si ulemu."

"Ulemu! Mwamva, anthu inu? Ulemu!"

"Ndinawauza kuti ndasiya mayi kumsewu. Anati ndisavutike, atuma munthu akakutenge."

A Po anafunsa ngati kunali zoimba.

"Kwambiri. Chitoliro chachikulu cha nsungwi, ndi ng'oma yopachika pamtengo pakati pa nyumba."

"Nanga mkwatibwi munamuona?" anafunsa Mayi Dua.

"Ndinamuona. Anavala zokongola, zatsopano zokhazokha. Koma anali atagona pathabwa, cha kukhoma. Anati watopa."

Amayi awiri amene anaima pakhomo anachoka mwakachetechete. Mayi Dua anamukokera Thoa kukhitchini n'kutsitsa mawu.

"Mayi, kwathu kuno ng'oma sitiimba paukwati. Imatuluka munthu akamwalira basi. Pamunsi paja panali nyumba zisanu. Phiri linagumuka usiku wa maliro, ine ndili mtsikana. Onse anali m'nyumba imodzi. Ena amati mwambo sunathe, ndiye amafunabe anthu odzakhala nawo."

"Nanga wandibweretsa uja? Bwanji sanandipititse komweko?"

"Sitidziwa. Sizinachitikepo."

A Po, omwe ankasenda chimanga pakona, anayankha osadzutsa mutu. "Mwati munayankhula njira yonse? Ndiye anaganiza bwino. Anati uyu ndikapita naye, maliro asokonekera."

"Khalani chete inu," anatero Mayi Dua. Anagwira mkono wa Thoa. "Musagonenso kuno. Basi ya ku Ha Giang imadutsa dzuwa lili pamutu. Njingayo aikweze pamwamba pa basiyo. Chisoticho chisiyeni, tikachitentha."

A Khoi atamva za basi anakana.

"Sizingatheke. Ndinalonjeza kuti ndibweranso madzulo ano ndi mayi. Akusungira malo, mayi a Ngan. Pafupi ndi mkwatibwi."

Thoa anavula mpango wake, anamanga mbali imodzi padzanja la mwamuna wake, inayo padzanja lake, mfundo ziwiriziwiri.

"Zaka makumi atatu ndi zitatu mwakhala mukuvomera aliyense," anatero. "Lero muvomera ine."

Basi inabwera mochedwa, yodzaza ndi amayi ochokera kumsika, matumba ndi abakha. Msewu wotulukira unali umodzi wokha, womwe uja. Masana mapiri ankaoneka bwino, minda ya maluwa ofiirira ili m'mphepete, mtsinje ukunyezimira pansi. A Khoi sanatulutse foni. Anakhala pawindo, akutokosa dothi lotsalira m'mano.

Atayandikira pakona paja, amayi a m'basimo anasiya kucheza. Dalaivala anazimitsa wailesi. Nsungwi zodulidwa zija zinali zitagona m'mbali mwa msewu.

A Khoi anawongoka. Nkhope yawo inawala. Anakweza dzanja lomwe linali losamangidwa n'kuyamba kubayibitsa.

"Taona, mayi, atuluka onse. Uyo wavala chijasi changa akukupatsa moni."

Thoa anagwira dzanjalo n'kulitsitsira pabondo. Analipanikiza pamenepo ndi mphamvu zake zonse, maso ali pa khosi la dalaivala.

"Muuzeni kuti ndamva," anatero. "Tsekani windo."