Mowa Sunatuluke Mwaulemu

Pakhomo pa atelala panali pabwino. M'mawa ankayamba ndi pemphero, kenako makina osokera n'kumalira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Mwana wawo wachisamba anthu ankamutcha Singano, chifukwa anali wowonda komanso wakuthwa mutu.

Dalaivala wina wa lole ankakonda kudzasoketsa mathalauza pamenepo. Tsiku lina atelala atapita kukagula ulusi, iye anasolola kabotolo m'thumba la jekete.

"Mphwanga, ukhala pamakinapa mpaka msana upindike? Talawa. Mwamuna amadziwika pakhosi."

Singano analawa, nakhosomola, naseka. Mawa lake analawanso.

Mayi ake sanachedwe kuzindikira. "Mwanawe, fungo ili si la mafuta a makina. Wakutsina khutu ndi mnansi, zisiye."

"Amayi, inunso mphuno zanuzo!" anayankha motero akutafuna chingamu.

Zaka zinapita. Singano anafika poti m'mawa manja ankanjenjemera mpaka atameza kaye. Anayamba kugulitsa nsalu za makasitomala. Tsiku limene anagulitsa diresi la mkwatibwi, mayi wa mkwatibwiyo anatukwana atelala msewu wonse ukumva.

Atelala sanakalipe. Anamugwira mwana wawo pamkono, namukankhira m'kachipinda kosungiramo zidutswa za nsalu ndi makina akale. Anamuikira madzi, chakudya ndi ndowa, natseka ndi loko.

"Unalowa wokha mowawo. Utulukanso wokha."

Poyamba linabwera thukuta, malaya kuchita kumata pamsana. Kenako kusanza, ngakhale m'mimba munalibe kanthu. Tulo tinathawa. Mtima unkagunda ngati ufuna kuboola nthiti, ndipo kapu ya madzi inkagwedera m'manja mpaka kutayikira pansi.

"Bambo, kachivindikiro kamodzi kokha! Ndikufa!"

"Ifa, tikaika munthu wosaledzera," anatero atelala, akupalasa makina kuti asamve.

Mawa lake masana Singano anayamba kukuwa kuti mabatani a m'chitini asanduka mphemvu ndipo zikumulowa m'makutu. Anadzikanda mpaka magazi. Ankalankhula ndi anthu oti m'chipindamo munalibe.

Mlongo wake anagwada pafupi ndi makina. "Bambo, achimwene akudwala. Tiyeni nawo kuchipatala."

"Ukulankhula ndi mowa umenewo, si mchimwene wako. Anthu atiseka mokwanira."

Kenako kunamveka chiphokoso, zidendene zikumenya chitseko, kenako zii.

"Mwamva? Wagonja," anatero atelala. Anamaliza kaye mpendero wa siketi asanatenge kiyi.

Anamupeza chagada, thovu la magazi kukamwa, lilime atalitafuna. Anali atakomoka n'kumenyetsa mutu pa mwendo wachitsulo wa makina akale.

Kuchipatala namwino sanawanyengerere. "Thupi lozolowera mowa chonchi silisiyitsidwa ndi loko, bambo. Limapanduka. Akanabwera kuno tikanamutsitsa ndi mankhwala pang'onopang'ono. Munali kuti?"

Atelala anangoyang'ana nsapato zawo.

Singano anapulumuka. Pakupita kwa miyezi maso anayera, khungu linasalala, chakudya chinayamba kukoma, tulo tinabwerera. Koma mkono wamanja unangoti lende, mwendo ankaukoka, ndipo mawu ankatuluka opotoka. Tsopano amakhala pampando pakhonde, mayi ake n'kumamupukuta dovu. Atelala samuyang'ana kumaso.

Dalaivala uja anadutsapo tsiku lina, naliza hutala.

"Aa, mphwanga, wanenepatu! Kusiya mowa kwakuyanja!" Anaseka, lole n'kupita.

Singano anayesa kuyankha, koma palibe anamva chimene ananena.

Achinyamata, mowa umalowa m'thupi ngati mlendo waulemu, koma potuluka umagwetsa nyumba. Musauyambe. Ndipo ngati wina kwanu wamira kale n'kufuna kusiya, musamutsekere m'chipinda. Thamangirani naye kuchipatala asanagwe.